Matope nawo ayezedwe, osati madzi okha

Nkhani imene ndawerenga ikuti pofuna kudziwa ngati madzi aipitsidwa pamathiriro a mtsinje, pamene mtsinje umalowera m'nyanja yamchere, sikokwanira kungoyeza mankhwala amene ali m'madzi, pamafunikanso kuikamo tizamoyo n'kuona ngati tipulumuke. Pamenepo ndikugwirizana nazo. Makina a mu labu amapeza chokhacho chimene mwawauza kuti afufuze, pomwe kanyama kakang'ono ka m'madzi ngati Daphnia magna sikasankha. Mumaika tinyamati m'timabotolo ta madziwo kwa maola 48, kenako n'kuwerenga kuti ndi tingati tasiya kusambira. Mankhwala ophera tizilombo akasakanikirana ndi mkuwa kapena zinki, tinyamato timamva ululu wa zonsezo pamodzi.

Koma mlembi wadumpha msanga nkhani ya matope. Pamathiriro madzi amayenda mwaulesi, dothi limadikha, ndipo mankhwala ophera tizilombo ngati ma pyrethroid sasungunuka bwino m'madzi, amakakamira kumatope. Pamwamba madzi ali mbee, pansi pali poizoni. N'chifukwa chake pali mayeso a masiku 10 ogwiritsa ntchito Hyalella azteca, kanyama kokhala ngati kankhanu kamene kamakhala pamatopepo, ndipo amaona ngati kafa kapena kakula bwino.

Chinanso ndi mchere. Daphnia ndi wa m'madzi opanda mchere. Mukatunga madzi nthawi imene nyanja yakwera n'kulowa mumtsinje, adzafa ndi mcherewo, inu n'kumanamizira fakitale yosalakwa. Apo bola kugwiritsa ntchito mabakiteriya ena amene amawala, otchedwa Aliivibrio fischeri, poti kwawo n'kunyanja komweko, ndipo akakumana ndi poizoni kuwala kwawo kumazilala pa mphindi 15 kapena 30 zokha.

Ndikadakondanso mlembiyo akadanena nthawi yotunga madziwo, chifukwa mvula yoyamba ndi imene imakokolola zambiri kuchokera m'minda ndi m'misewu.