Anyamata inu, madzi a ku England ali ndi eni ake

Ana anga amene muli kuno ku UK, makamaka inu amene mwayamba kukonzekera mipikisano yosambira, khalani pansi mundimvere.

Loweruka lapitali m'mamawa ndikuyenda m'mbali mwa damu lina losungira madzi akumwa, ndinamva Chichewa kuseri kwa mpanda. Mtima unakondwa, ndati abale anga awa. Kufika pafupi, ndapeza anyamata atatu alumpha mpanda, nsapato aunjika pansi pa chikwangwani choletsa kusambira, thaulo akoloweka pachikwangwani pomwepo. Mmodzi anali atangotuluka m'madzi, milomo yatuwa, mano akugundana moti moni wanga analephera kuyankha. Mnzake ndiye anandiyankha: "Musadandaule bambo, ife tinakulira ku Senga Bay."

Yankho limenelo landisowetsa tulo. Ku Senga Bay madzi ndi ofunda chaka chonse, mwana amasewera m'madzi mpaka amake amukalipire. Kuno madzi a m'damu amazizira ngakhale dzuwa likuswa mtengo mu July. Madzi akatsika pansi pa madigiri 15, ukalumphiramo mwadzidzidzi thupi limadzidzimuka, umakoka mpweya usakufuna, ndipo mutu ukakhala uli pansi umakoka madzi. Zimachitika m'mphindi yoyamba, luso lako lisanayambe n'kugwira ntchito komwe. Komanso pansi pa damu pali mapaipi okoka madzi, ndipo m'mphepete mwake ndi moterera, potulukira n'povuta.

Tsono za lamulo, poti ambiri mukungoganiza kuti madzi ndi a Mulungu, aliyense alowe. Ku England ndi ku Wales sizili choncho. Mtsinje wopanda mafunde a kunyanja yamchere, nthaka ya pansi pake ndi magombe ake kawirikawiri zimakhala za mwini malo. Lamulo la 2000 lotchedwa Countryside and Rights of Way Act linalola anthu kuyenda m'mapiri ndi m'malo ena a eni, koma kusambira silinakuphatikizepo. Kanjira kodutsa m'mbali mwa madzi kamakupatsani ufulu woyenda basi. Madamu ambiri ndi a makampani a madzi, ndipo ali ndi malamulo awoawo. Ngakhale mu Thames, kuchokera pa Putney Bridge kukafika ku Crossness, kuyambira 2012 saloleza kusambira popanda chilolezo cha Port of London Authority.

Ku Scotland n'kosiyana. Lamulo la 2003, Land Reform Act, limalola kusambira m'nyanja ndi m'mitsinje yambiri, bola uchite mosamala ndi molemekeza ena. Koma musatenge za ku Glasgow n'kukachitira ku Leeds chifukwa mnzanu wanena pa WhatsApp kuti n'zololedwa. Safunsa anadya phula.

Chimene chikundipweteka n'chakuti malo ovomerezeka alipo. Ku Lake District mungasambire mu Windermere, Ullswater, Coniston kapena Derwentwater, pamene Thirlmere ndi Haweswater ndi madamu, musayerekeze. Ku London kuli maiwe a ku Hampstead Heath ndi Serpentine ku Hyde Park, komwe kuli anthu oyang'anira. Mumalipira ndithu, koma nsapato zimene ndinaona pansi pa chikwangwani paja si zotchipa. Ndalama yotumizira maliro kumudzi munaifunsapo? Ife akuluakulu ndi amene timayenda khomo ndi khomo kusonkhetsa chipepeso, ndife timaimbira foni mayi ali ku Salima usiku. Ntchito imeneyo sindiifunanso.

Choncho musanalowe m'madzi alionse, funsani mwini wake ndani ndipo werengani chikwangwani. Lowani m'kalabu yosambira, muphunzire kwa amene anazolowera madzi ozizira. Valani wetsuit, chovala chothina chosunga kutentha m'madzi, ndi chipewa chowala, mangirirani m'chiuno chibaluni choyandama cha osambira kuti a maboti akuoneni. Lowani pang'onopang'ono, osalumpha, osapita nokha, ndipo mowa usakhale m'mutu. Mpweya ukakuthawani, gonani chagada, tambasulani manja, muyandame mpaka kupuma kubwerere, monga amaphunzitsira a RNLI, bungwe lopulumutsa anthu pamadzi. Mnzanu akamamira musamulumphire. Imbani 999, muitanitse ozimitsa moto ngati ndi pamtsinje kapena padamu, ndipo muponyereni chinthu choyandama.

Inu atatu aja, nkhope zanu ndazisunga. Ndikakupezaninso pa mpanda uja, ndidzafufuza makolo anu mpaka ndiwapeze.