Pulofesa woumba mbiya, ndi amene anamuphunzitsa

Anthu ambiri akamva dzina la Magdalene Odundo amathamangira kutchula ndalama. Inde, mbiya yake imodzi inagulidwapo pa okushoni ndi mapaundi oposa 200,000, ndipo mu 2020 anapatsidwa ulemu wa Dame ku Britain. Koma ine chimene chimandigwira mtima pa mayi ameneyu ndi komwe anakatenga luso lake.

Odundo anabadwira ku Nairobi mu 1950. Anapita ku England mu 1971 ali ndi maganizo ophunzira zojambula zotsatsa malonda, koma dongo linamukopa, mpaka anakalowa koleji ya zaluso ku Farnham. Mu 1974, akadali pasukulu, ananyamuka ulendo wa ku Nigeria, kumalo ophunzitsira kuumba ku Abuja omwe woumba wa ku Britain, Michael Cardew, anakhazikitsa. Kumeneko anakumana ndi Ladi Kwali, mayi wachi Gbari amene anaphunzira kuumba kwawo ali mwana, osati m'kalasi. Uyu ndi mayi yemweyo amene chithunzi chake chili pa ndalama ya pepala ya 20 naira.

Onani mmene Odundo amaumbira mpaka lero. Sagwiritsa ntchito makina ozungulira aja. Amapota dongo kukhala tizingwe, n'kumasanja pamwamba pa tinzake, akusalaza ndi manja mpaka khosi la mbiya litatalika n'kupindika mmene akufunira. Sapakanso galasi lonyezimira. Amapaka madzi a dongo losalala kwambiri, kenako amakulungiza ndi mwala kwa nthawi yaitali. Akaotcha mpweya ukulowa bwino, mbiya imatuluka yofiirira. Akaiotchanso ataitsekera mpweya, utsi umaidetsa n'kukhala yakuda bii. Amene anakulira pafupi ndi agogo oumba miphika, akuchokera kumtapo ndi dongo pamutu, nkhulungo ili m'manja, azizindikira zonsezi.

Digiri yake ya masitala anaitenga ku Royal College of Art mu 1982. Mu 2001 anakhala pulofesa wa zoumba ku Farnham komwe anaphunzira kuja, ndipo mu 2018 anasankhidwa kukhala chansala wa University for the Creative Arts. Zaka zonsezi, sabisa kuti njira yake youmbira anaitenga kwa amayi a ku Abuja.

Apa ndiye pali madandaulo anga. Ife tikaona mayi atayala mitsuko ndi nkhali pamsika, timanenerera mtengo mpaka atsitse, kenako timati ndi ntchito ya osaphunzira. Mwana akanena kuti akufuna kukaphunzira zoumba ku yunivesite, achibale amafunsa kuti kodi adzadya dongolo? Pomwepo luso limene Odundo anakalifuna ku Nigeria pa ndege lili kuseri kwa nyumba zathu, ndipo eni ake akukalamba opanda wowafunsa.

Ena anena kuti Odundo anatchuka chifukwa cha nyumba zoonetsera zaluso za ku London, osati nkhulungo. Pang'ono akunena zoona. Msika ndi mayina zimathandiza. Koma Nigeria inalemekeza woumba wake. Mu 1977 Ahmadu Bello University inapatsa Ladi Kwali digiri yaulemu ya udokotala. Ndikufuna kuona yunivesite ya kwathu kuno ikuitana mayi woumba wa kumudzi kuti adzaphunzitse temu yathunthu, dzina lake lilembedwe pa ndondomeko ya maphunziro, ndipo alipidwe ngati lekichara aliyense.