Agogo anga akanakhala moyo lero, mwina tikanawatcha mfiti

Pali nkhani imene ikundiwawa mumtima, ndipo lero ndiinena. M'midzi yambiri masiku ano, mayi wokalamba akaitana mwana wa mnzake n'kumupatsa mbatata yootcha, mwanayo akafika kwawo amakalipiridwa: "Usadzalandirenso chakudya kumeneko, akuphunzitsa ufiti." Amene akunena zimenezi ndi anthu opemphera, Lamulungu amakhala kutsogolo m'tchalitchi. Ine ndikukana. Chikhulupiriro chophunzitsa mwana kuopa dzanja la nkhalamba sindikuchidziwa, ndipo si chimene ndinakulira.

Agogo anga aakazi ankakhala ku Dowa, chakufupi ndi Mvera. Sukulu tikatsekera, amayi ankatikweza basi ya ku Salima, ife n'kutsika pa Mvera, kwinako wapansi, zikwama pamutu. Chikhristu kumeneko n'chakale, mishoni inayamba mu 1889, ndipo agogo ankanyadira kuti anabadwira mumpingo. Koma kuwerenga sankatha bwino. Madzulo agogo aamuna ndi amene ankatsegula Baibulo pafupi ndi koloboyi, iwo ali pamphasa kusenda mtedza, akumvetsera.

Chimene ndimakumbukira kwambiri ndi nthawi yoomola nsima. Asanatigawire ife, ankayamba aika mitanda iwiri m'mbale ina yachitsulo yophotchoka m'mbali, n'kuvundikira ndi inzake, n'kuika pamwamba poti galu sangafikepo. "Iyi ndi ya mlendo." Ife tinkafunsa kuti mlendo wake uti, poti pakhomo panalibe aliyense. Iwo ankangoti, "Akubwera, ali m'njira." Ndipo nthawi zambiri ankabweradi. Ambiri anali abambo ogulitsa usipa, ochokera kunyanja pa njinga, atatopa ndi zitunda za msewu umenewo, thukuta lili kamukamu. Ena mwa iwo anali Asilamu. Agogo ankadziwa zimene Msilamu sadya, choncho ndiwo za mlendo zinkakhala nyemba kapena nkhwani wotendera, ngakhale tsiku loti pakhomo pali nyama ya nkhumba. Nthawi ya swala ikakwana, ankawapatsa madzi m'chikho ndi mphasa yoyera pansi pa mtengo wa mango, ife n'kutiuza kuti tisasokose. Mlendo akapanda kubwera, nsima ija tinkadya ife m'mawa ngati mkute. Sinkatayidwa.

Lachinayi ankavala yunifolomu ya gulu la amayi a mumpingo lotchedwa Chigwirizano, bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera, ndipo akaweruka ankayendera odwala ali ndi kaufa m'kansalu ndi mtolo wa nkhuni. Sizinali zambiri. Pa njala ya 2002, pamene anthu ankadya nthochi zosakhwima ndi mizu, kaufa kaja kanasanduka gaga, koma sanasiye kunyamula.

Tsono kutsidya kwa dambo kunali mayi wina wokalamba kwambiri, wokhala yekha. Ana ake onse anali atamwalira. Anali ndi maso ofiira, ankayankhula yekha, ndipo anthu ankanong'onezana za iye. Agogo ankatituma kukamutungira madzi ndi kumusesera pakhomo. Iye ankatipatsa mtedza wokazinga m'manja, manja ake akunjenjemera mpaka wina kugwera pansi. Tsiku loyamba tinabwera nawo kunyumba osadya, chifukwa ana anzathu anali atatiopseza. Agogo anatenga njere zingapo n'kutafuna ife tikuona. Kenako anati, "Maso amenewo ndi utsi wa nkhuni zaziwisi, alibe womutemera zouma. Mawa mukapite ndi nkhuni, ndipo mukanene kuti zikomo."

Anatiphunzitsa choncho, ndi njere za mtedza. Mateyu 25 ndinadzaiwerenga ndekha nditakula, zija za wanjala, waludzu ndi mlendo, koma ndinapeza kuti ndinali nditaiona kale ndi maso.

Lero taonani pamene tafika. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anapha nkhalamba zinayi, pozinamizira kuti ndizo zinatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wina. Dziko lonse linadandaula, koma nkhani zoterezi sizinathe. Chaka chilichonse timamva za agogo omenyedwa pamaliro, otenthedwa nyumba, othamangitsidwa m'mudzi umene anakwatiwiramo ali atsikana. Kawirikawiri oyambitsa amakhala achibale awo enieni, adzukulu amene anaberekedwa kumbuyo ndi agogo omwewo. Ukafufuza bwino umapeza kuti pansi pake pali munda umene wina akuufuna, kapena imfa ya mwana imene achipatala akanatha kufotokoza, malungo kapena kuchepa kwa magazi. Palinso matenda oiwalaiwala a ukalamba. Munthu amatuluka usiku osadziwa kumene akupita, anthu n'kumupeza m'mawa pakhomo pa eni ali mbulanda, basi mudzi wonse wagamula kuti wagwa pa ndege ya ufiti. Munthu wodwala, wofunika kumufunditsa nsalu ndi kumuperekeza kwawo, akuponyedwa miyala.

Lamulo lilipo. Kuyambira 1911 kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu m'dziko muno, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire. N'zabwino. Koma wapolisi amafika nyumba itapsa kale. Chimene chimateteza nkhalamba isanafike pamenepo ndi anthu amene amalowa m'nyumba mwake. Mayi wa kutsidya kwa dambo uja palibe anamukhudza mpaka anamwalira ndi ukalamba wake, ndipo ine ndimakhulupirira kuti chifukwa chake n'chakuti mudzi wonse unkaona mayi wa Chigwirizano akudya naye mbale imodzi, adzukulu ake akumutungira madzi. N'kovuta kuloza chala munthu amene ali ndi omuyendera. Amene amaphedwa nthawi zambiri ndi uja wakhala miyezi palibe womupatsa moni.

Apa ndili ndi mawu kwa ife opemphera. Pali aneneri ena amene munthu akapita ndi vuto la ntchito kapena la banja amamuuza kuti, "Agogo ako kumudzi ndi amene anakutsekera mwayi." Mnyamata amachoka pamenepo mtima uli bii, n'kusiya kutumiza ngakhale ya sopo, mwinanso n'kukachita zoopsa. Ameneyo si uneneri, ndi kuyatsa moto pa denga la mayi wosauka. Ndipo ife ena, ngakhale sitinena nawo zoterezi, timangokhala chete. Timasonkha ndalama zomangira tchalitchi chachikulu, timagula zokuzira mawu, n'zofunika ndithu, koma nyumba ya nkhalamba yoyandikana ndi tchalitchicho ikudontha, palibe wokaikapo mtolo wa udzu. Tikapitako n'komwe, timapita kamodzi pa Khrisimasi ndi foni m'manja, kuwajambula agogowo atanyamula paketi ya shuga kuti zithunzi zikaikidwe pa Facebook. Agogo anga akanachita manyazi ndi zimenezo. Iwo ufa ankaubisa m'nsalu kuti anthu asadziwe kuti mnzawo nkhokwe yatha.

Inu abusa, akulu a mpingo, amayi a Chigwirizano, a Mvano ndi a Umanyano, atsogoleri a miphakati, mashehe kumizikiti, nkhalamba zimenezi mukuzidziwa mayina. Mukudziwanso amene anthu ayamba kumunong'oneza m'mudzi mwanu. Mukamakonza zoyendera odwala sabata ino, yambirani kwa ameneyo. Mupite masana anthu akuona, mutenge ndi ana anu, ndipo akakupatsani mtedza mudye pomwepo.