Akangaude a m'nyumba tiziwasiyako

Kuno ku Blantyre, kaya ndi ku Ndirande kaya ku Namiwawa, munthu akangoona kangaude pakhoma, dzanja lili kale pa patapata. Ine zimenezi zimandiwawa. Padziko lonse pali mitundu ya akangaude yoposa 50,000, ndipo yomwe ingadwalitse munthu ndi yochepa kwambiri. Ambiri a m'nyumbawa amangodya tizilombo tomwe timatisowetsa mtendere.

Taonani mmene anazolowerera kukhala nafe. Babu la pakhonde likayaka madzulo, makamaka nthawi ya mvula ngumbi zikatuluka, tizilombo timaunjikana pamenepo. Kangaude amatchera ukonde pafupi ndi babulo, chakudya n'kumabwera chokha. Wamiyendo italiitali yowonda ngati ulusi uja amakonda pakona ya siling'i ndi kubafa. Mukakhudza ukonde wake amadzigwedeza mwaliwiro mpaka osaoneka bwino, kuti mdani asokonezeke. Amagwira udzudzu, ntchentche, ngakhalenso akangaude omuposa msinkhu.

Koma amene ndimamukonda kwambiri ndi wophwatalala uja, womata pakhoma. Iye satchera ukonde. Kutchire amabisala m'makungwa a mitengo ndi m'ming'alu ya miyala, ndiye kwathu kuno anapeza kuseri kwa kalendala, kuseri kwa chithunzi cha ukwati, kuseri kwa kabati. Masana ali duu, usiku n'kutuluka kukasaka, mpaka timphemvu ting'onoting'ono amagwira. Tikamupha timapindulanji?

Ku Kenya ndi ku Uganda, m'mbali mwa nyanja ya Victoria, kuli kangaude wodumpha wotchedwa Evarcha culicivora. Amapezeka pamakoma a nyumba, ndipo amasankha udzudzu waukazi womwe wangoyamwa magazi. Pamenepa musandimve molakwika, abale anga: kangaude sangathetse malungo, neti tizigonamo usiku uliwonse.

Woyenera kusamala naye alipo. Ndi wabulawuni, wamimba yozungulira, wokhala ndi banga lofiirira kunsi kwa mimbayo. Timatumba ta mazira ake ndi toyererako, tokhala ndi timinga. Amakonda pansi pa mipando ya pulasitiki, m'mphepete mwa ndowa zosagwiritsidwa ntchito ndi m'chimbudzi chapanja. Ameneyo muchotseni ndi tsache, timatumbato muphwanye, ndipo ana muwaphunzitse kukutumula nsapato asanavale. Wina akalumidwa n'kuyamba kumva ululu waukulu, kutuluka thukuta kapena kukokana kwa minofu, mupite naye kuchipatala msanga.