Zimene mwana wanga akuloweza zili kuseri kwa nyumba yathu

Lachitatu usiku magetsi atathima, mwana wanga wamkazi wa sitandade 7 anakhala pakhonde ndi tochi ya foni yanga n'kumaloweza manotsi a zaulimi. Ankabwereza chiganizo chimodzi cha Chingerezi maso atatsinzina, akaphonya liwu limodzi n'kuyambiranso. Ine ndinali pambali ndikusenda chinangwa cha m'mawa, ndipo mawu amene ndinagwirapo ndi akuti "soil erosion". Ndinamufunsa kuti, "Iwe, zimene ukunenazo m'Chichewa n'chiyani?" Anandiyang'ana, anayang'ana m'kope, kenaka anati, "Amayi, madamu anati tiloweze, zimabwera pamayeso."

Abale anga, zinandiwawa. Kuseri kwa nyumba yathu kuno ku Mulanje kuli chigwembe chimene chinakumbika mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy. Mwana yemweyu anaona ndi maso ake madzi ofiira akutsika kumtunda, akuchotsa mizere ya chimanga ndi nandolo yemwe, ndipo ananyamula nawo miyala yoti titsekere pamene madzi ankalowera kukhitchini. Chigwembecho amachidumpha m'mawa uliwonse popita kumpopi. Koma sanadziwe kuti mawu amene akuvutika nawo usikuwo akunena chomwecho.

Nditamuuza kuti ndi kukokoloka kwa nthaka, anganga ake, mayi anga, amene anali atagona pamphasa ngati sakumva, anadzuka. Iwowa sanalowepo m'kalasi, ubwana wawo ndi ukulu wawo wonse unathera m'minda ya tiyi, dengu lili kumsana. Anayamba kufotokoza: pamalo otsetsereka mizere imapingasa, siyang'ana kumunsi, m'mizere umaika ngonyeka kuti madzi aime, mapesi satentha, umakwirira, m'chigwembe umabzala nthochi ndi nsungwi, m'mbali mwake udzu wa vetiva. Mwana uja anawalitsa tochi m'kope, chala chikutsata mzere ndi mzere, kenaka anafuula, "Anganga, zonse mwanenazi zalembedwa umu!" Mawa lake m'mawa ndinamufunsanso, anandifotokozera zonse m'Chichewa, kenaka m'Chingerezi chake chothyokathyoka, osayang'ana kope.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikutsegula makope ake onse, ndi a mlongo wake wa sitandade 5, ndipo maganizo anga ndi awa: zimene ana athu akuphunzira kuyambira sitandade 5 mpaka 8 n'zabwino kwambiri, n'zapakhomo pathu pomwe, koma ambiri akungozimeza osatafuna chifukwa palibe amene akuwalozera kuti chimene chili m'buku ndi ichi chili apa. Ndipo ife makolo tili ndi mbali yathu pa vutoli, chifukwa tikangoona Chingerezi timatseka kope n'kunena kuti izi n'za aphunzitsi.

Taonani masamu. Ndinapeza tsamba lonse la mapelesenti ndi chiwongoladzanja lili ndi zizindikiro zofiira zokhazokha. Ine ndili m'banki m'khonde, timakumana Lachisanu lililonse pansi pa mtengo wa mapeyala. Ndinamufunsa kuti, ndikatenga K20,000 kugulu, chiwongoladzanja chake K20 pa K100 iliyonse, ndikabweza zingati? Sanagwire n'cholembera chomwe, anangoti K24,000. Ndinati ndiye samu yomwe walakwa apayi. Anakhala chete kanthawi, kenaka anatenga kope n'kukonza zonse yekha. Mwana ameneyu Loweruka amakhala nane pamsika wa Chitakale, amadziwa kuti ananazi amene tapikula tikagulitsa bwanji kuti titsale ndi kangachepe tikachotsa ya thiransipoti ndi chiphaso cha msika, ndipo palibe kasitomala amene angamubere chenji. Phindu ndi kuluza amazidziwa ndi manja. Anganga ake amasimba kuti ankaima pasikelo osadziwa ngati makilogalamu amene kalaliki walemba ndi omwewo amene athyola. Masamu a sitandade 6 ndi 7 ndi amene amamuchotsa munthu pamanyazi amenewo, nanga tingalole bwanji kuti mwana aziwaona ngati chilango?

Phunziro limene landikhudza kwambiri ndi la Social. Muli mapu a Malawi, mapiri, mitsinje, nyengo, ndi mbiri ya dziko lathu. Ana a ku Mchinji kapena ku Nsanje amaloweza kuti nsonga yaitali kuposa zonse m'Malawi ndi Sapitwa ya paphiri la Mulanje, mamita 3,002, koma sanaionepo. Athuwa phirilo amadzuka nalo. Komabe nditafunsa mwana wanga chifukwa chimene tiyi amachita bwino mbali ino ya Lujeri ndi Mimosa, pamene kuseri kwa phiri ku Phalombe mvula imachepa, sanayankhe, ngakhale nkhani ya mvula ya m'mapiri inali m'kope mwake ndi chojambula chake chomwe. Mphepo yachinyezi imachokera kunyanja ya mchere kudzera ku Mozambique, ikagunda phiri imakwera, ikakwera imazizira, mitambo n'kukhuthula madzi mbali ino, ikamatsikira kuseri imakhala itauma. Chiperoni chimene chimatikhalitsa pamoto mu Juni ndi Julayi ndi chomwechi, ndipo dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique komweko. Ndinamutulutsa panja m'mawa wina mitambo itakuta phiri, ndinangoloza. Anati, "Ooh!" Phunziro lonse linathera pa "ooh" ameneyo.

Za mbiri nazo n'chimodzimodzi. Amaphunzira za malonda a akapolo ngati zinachitika kutali, chonsecho pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi ndi pamene ankadutsitsa anthu omangidwa magoli kupita kugombe, n'chifukwa chake atsamunda anamangapo linga la Fort Lister mu 1893. Amaloweza kuti John Chilembwe anaukira atsamunda mu Januwale 1915, koma mawu akuti thangata akuwamvera m'kalasi, pamene m'midzi yathu ino muli agogo amene makolo awo anabwera kuchokera ku Mozambique n'kudzagwira thangata yemweyo m'maesiteti. Mbiriyo ili m'nyumba zathu, ikungosowa woifunsa.

Sayansi sindinganene zambiri, pena pandipitirira, koma zina ndazizindikira. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya ndi omwe aja timauzidwa kusikelo ya ana. Madzi a m'mipopi yathu amatsika okha kuchokera m'phiri popanda injini, ndipo ku Bondo anthu akuyatsa magetsi opangidwa ndi madzi a mtsinje wa Lichenya. Mwana amene akuphunzira za mphamvu ndi magetsi, kodi sangapindule kukaona zimenezi tsiku limodzi kusiyana ndi kulemba masamba asanu a manotsi?

Tsono vuto lenileni lili pati? Ine ndikuona kuti lili pakhomo la sitandade 5. M'makalasi a m'munsi mwana amaphunzira zambiri m'Chichewa, amayankha, amatsutsa, amafunsa. Akangolowa sitandade 5, mabuku onse kupatula la Chichewa amasanduka a Chingerezi. Mnyamata wanga chaka chatha anali wolongolola m'kalasi, chaka chino aphunzitsi ake akuti wasanduka wofatsa. Sikufatsa kumeneko, ndi kusowa mawu. Kunyumba timalankhula Chichewa, anganga ake amaponyamo Chilomwe, Chingerezi amachimva kusukulu kokha, ndiye mwadzidzidzi azimvera m'chilankhulo chimenecho za kagayidwe ka chakudya m'mimba. Mwana akapanda kumva amapeza njira yopulumukira, ndipo njirayo ndi kuloweza.

Ndisamveke molakwika, sindikunena kuti Chingerezi chichoke. Mayeso a MANEB a sitandade 8 amabwera m'Chingerezi kupatula pepala la Chichewa, kusekondale n'chimodzimodzi, ndipo ine ndikufuna mwana wanga adzasankhidwe, adzapite patali kuposa pamene ine ndinalekezera. Chimene ndikunena n'chakuti mwana ayambe wamvetsa chinthucho m'chilankhulo chimene amalota nacho, kenaka apatsidwe dzina lake la Chingerezi. Akatero dzinalo limakhala ndi pogwira. Mwana wanga uja mawu a "soil erosion" sadzawaiwalanso, chifukwa tsopano akawamva amaona chigwembe chathu.

Aphunzitsi sindikuwaloza chala. Ine ndinayamba sitandade 1 mu 1994, chaka chimene maphunziro a pulayimale anakhala aulere, tinkaphunzira pansi pa mtengo tili khwimbi, ndipo mpaka lero makalasi akadali odzaza. Ndinalowapo m'kalasi ya mwana wanga tsiku la msonkhano wa makolo, ana akhala mothithikana mpaka pafupi ndi bolodi, buku limodzi mitu inayi kapena isanu. Mphunzitsi mmodzi achonge makope onsewo, amalize silabasi, akonzekeretse ana mayeso a moko, ndiye n'zosadabwitsa kuti njira yachidule ndi kulemba manotsi pabolodi kuti ana akopere. Ndikudziwanso kuti alipo aphunzitsi amene amayesetsa. Amene anamuphunzitsa mtsikana wanga uja sitandade 6 anawatuma anawo kuti abweretse dothi la mitundu itatu m'mabotolo odula, anathiramo madzi, ana n'kuona okha kuti lamchenga limataya madzi msanga pamene lamakande limasunga. Mpaka lero phunziro limenelo amalisimba. Iwo amati njira imeneyi ndi TALULAR, kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalo pomwepo, ndipo amaiphunzira kukoleji. Kuno ku Mulanje zopezeka pamalopo ndiye zosayamba, ingofunika nthawi ndi mtima.

Chimodzi chokha chimene ndikudandaula poyera ndi khasu. M'sukulu zambiri mwana amagwira khasu akachedwa kapena akasokosa m'kalasi, pamene phunziro la zaulimi lenilenilo amaliphunzira atakhala pansi, kujambula bedi la mbewu m'kope ndi rula. Mwana amene waphunzira kuti kulima ndi chibalo, mudzamuuza bwanji mawa kuti ulimi ndi bizinesi? Dimba la sukulu likhale kalasi, ana afese okha, ayeze okha mipata ya mapando, alembe okha zimene alowetsa ndi zimene akolola, masamu ndi sayansi zikumane pomwepo. Za Expressive Arts nazo zafika pomangolemba mayina a magule m'kope, kuno kwawo kwa tchopa, kumene ng'oma zake zimamveka ku Chonde chaka ndi chaka. A ku Domasi amene amalemba mabukuwa sanaike maphunziro amenewa kuti akhale oloweza.

Life Skills ndiye ndikuthokoza kuti ilipo. Muli za kutha msinkhu, za HIV, za kukana pamene munthu wamkulu akukukakamiza zosayenera, nkhani zimene ambirife timachita nazo manyazi kuyamba tokha. Ndinapezerapo mwayi, kope lomwelo ndi limene linatitsegulira nkhani ine ndi mwana wanga, tili awiri kukhitchini. Ndipo phunziro la Chichewa tisamalipeputse ngati losafunika kuwerenga. Miyambi, zining'a, ndagi, kalembedwe ka kalata ndi chimangirizo, apa ndiye pamene kholo lililonse lingathandize popanda chowiringula.

Makolo anzanga a ku Chitakale, Likhubula, Limbuli, Muloza, Luchenza ndi kwina konse, pempho langa ndi laling'ono. Madzulo mukatha kudya, muuzeni mwana atsegule kope lililonse limene waphunzira tsikulo, ndipo mumuuze kuti, "Tandiuza m'Chichewa." Simukufunika kudziwa Chingerezi. Akafotokoza bwino, ndiye kuti wamva. Akakakamira, mufunseni chithunzi chimene chili patsambalo, nthawi zambiri mupeza kuti ndi chinthu chimene inu mumachigwira tsiku ndi tsiku, kaya ndi khola la nkhuku, sikelo, mbaula kapena manyowa. Chikakukanikani nonse, alembe funsolo akafunse aphunzitsi m'mawa. Pamsonkhano wa makolo ukubwerawu ine ndikaimirira ndi kupempha kuti teremu iliyonse ana a sitandade 5 mpaka 8 azitulukako kamodzi, ngakhale kungofika kumtsinje kapena kunazale ya mitengo ya mkungudza, ndipo makolo amene tingathe tiziwaperekeza kuti mphunzitsi asavutike yekha. Amene tili sukulu imodzi, chonde mudzandithandize kulankhula.

Loweruka likubwerali sitipita kumsika. Mlangizi wa zaulimi watilonjeza mbewu ya vetiva, ndipo mwana wanga wanena kuti iye ndi amene ayeze kutalika kwa chigwembe ndi chingwe, awerengere mapando amene akufunika. Anganga ake ati adzakhala pampando pamthunzi n'kumatiuza pamene talakwitsa.