Musandiuze zaka zake, ndiuzeni zimene anachita m'Nyumba ya Malamulo

Usiku wathawu ndinakangana ndi amalume anga mpaka tulo tinatithawa. Tinkaonera mtsutso wa anthu ofuna upulezidenti, ndipo mmodzi mwa iwo, funso lililonse akafunsidwa, ankayamba watikumbutsa kaye zaka zimene wakhala ali phungu. Amalume ankangogwedeza mutu, chala chili m'mwamba. "Wamva mphwanga? Galu wamkota sakandira pachabe. Ameneyu boma amalidziwa. Winayo ndi wadzulodzuloli, akaphunzirire ntchito pa ife?"

Ndinawafunsa mwaulemu kuti, "Amalume, zaka zonsezo, ndi lamulo liti limene munthuyu analibweretsa? Ndi tsiku liti limene anaimirira n'kukana chinthu chimene chipani chake chinkafuna?"

Anakhala chete. Anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi m'munsi mwa malaya, n'kuwavalanso. Kenako anati, "Zimenezo sindinazitsate. Koma zaka ndi zaka."

Nkhawa yawo ndimaimvetsa, ndipo ndi yoona. Dziko likalakwitsidwa ovutika ndi anthu amoyo, ana asukulu, odwala, okalamba. Koma mawu akuti zaka ndi zaka andisowetsa mtendere, chifukwa ndimawamva mbali zonse ziwiri. Ena amati wakhalitsa m'Nyumba ya Malamulo ndiye woyenera. Ena amati wakhalitsayo ndiye wovunda, tipatseni munthu watsopano amene sanadetsedwe. Onsewa akuwerenga zaka basi. Palibe amene akutsegula mabuku kuti aone zimene zinachitika m'zakazo.

Malamulo oyendetsera maiko nawo sanena zambiri pa nkhaniyi. Ku America amangofuna kuti ukhale mbadwa, ukhale ndi zaka 35, ndipo ukhale utakhala m'dzikomo zaka 14. Ku Zambia, kuyambira 2016, amafunanso satifiketi ya Giredi 12. Ku Nigeria anatsitsa zaka kuchoka pa 40 kufika pa 35 mu 2018. M'malamulo onsewa mulibe mawu akuti munthu ayambe wakhala phungu. Ntchito yopeta anaisiya m'manja mwa ovota, ndiye tikaipeputsa n'kukhala kuwerenga zaka, tadzimana tokha.

Taonani James Buchanan. Pa anthu onse amene analamulirapo America, ndi ochepa amene anafika pampando ali ndi mbiri yodzaza ngati yake. Anakhala zaka zoposa 20 mu Congress, Nyumba ya Malamulo ya dzikolo, m'nyumba zake zonse ziwiri, yaikulu yotchedwa Senate ndi yaing'ono yomwe. Anakhala kazembe ku Russia ndi ku Britain. Anakhala nduna yoona za ubale ndi maiko ena. Amalume akanamuvotera osaganiza kawiri. Analowa mu 1857, ndipo pomatuluka mu Malichi 1861, zigawo zisanu ndi ziwiri zinali zitalengeza kuti zachoka m'chitaganya chifukwa chofuna kusunga ukapolo. Iye ankati kuchokako n'kosaloledwa, komanso kuti boma lake lilibe mphamvu yokuletsa. Nyumba ikuyaka, mwini wake akufotokoza malamulo a kazimitsidwe ka moto. Lero akatswiri a mbiri amamuika kumchira kwenikweni.

Amene anamulowa m'malo, Abraham Lincoln, anakhala mu Congress zaka ziwiri zokha, kuchokera 1847 mpaka 1849, kuonjezera pa zaka zisanu ndi zitatu m'nyumba ya malamulo ya chigawo cha Illinois. Anthu okonda kunena kuti uphungu ulibe ntchito amathamangira chitsanzo chimenechi, koma amadumpha pamene pali fungo lenileni la nkhani. M'zaka ziwiri zomwezo, mu Disembala 1847, Lincoln anaimirira n'kufunsa Pulezidenti James Polk kuti aloze malo enieni pamene magazi anakhetsedwa, amene ankati ndiwo chifukwa chomenyera nkhondo ndi Mexico. Nkhondoyo inali ndi oikonda ambiri, ndipo kwawo komwe anamunyoza chifukwa cha funsoli. Mbiri yake inali yaifupi, inde, koma munthu akanaiwerenga akanadziwa kuti uyu amatha kuima yekha.

Apa m'pamene pagona maganizo anga. Uphungu ndi upulezidenti ndi ntchito ziwiri zosiyana. Phungu ndi voti imodzi pakati pa mazana. Zikavuta atha kubisala m'chigulu, atha kutuluka panja nthawi yovota, atha kunena kuti chipani ndicho chinalamula. Atha kukhala zaka 25 akuwomba tebulo anzake akamalankhula, n'kumasankhidwabe chifukwa amapezeka pamavuto a anthu a m'dera lake. Pulezidenti alibe kobisala. Pepala likafika patebulo lake, asayine kapena akane, ndipo ngakhale kuchedwa kwake ndi chigamulo. Choncho chimene ndimafuna kuona m'mbiri ya phungu ndi masiku aja pamene anali ndi mpata wobisala koma sanabisale.

Koma ndisanamize anthu kuti amalume alibe mfundo. Ali nayo, ndipo dzina lake ndi Lyndon Johnson.

Johnson analowa mu Congress mu 1937, n'kupita ku Senate mu 1949, n'kukhala mtsogoleri wa chipani chokhala ndi maseneta ambiri kuyambira 1955. Nyumba imeneyo ankaidziwa ngati chikhatho chake. Ankadziwa amene amaopa chisankho chikubwera, amene amafuna damu kudera kwawo, amene amangofuna kutamandidwa pagulu. Atatenga mpando wa upulezidenti John Kennedy ataphedwa mu Novembala 1963, bilu yothetsa tsankho la mtundu inali itatitimira. Maseneta a kummwera anali ndi njira yawo yakale: kulankhula osalekeza kuti voti isachitike. Anachita zimenezi kwa miyezi yoposa iwiri. Kuti atsekedwe pakamwa pankafunika maseneta 67 mwa 100, ndipo chipani cha Johnson pachokha sichikanakwanitsa, poti otsekereza ambiri anali a chipani chake chomwecho. Johnson analangiza anthu ake kuti amuyandikire Everett Dirksen, mtsogoleri wa mbali yotsutsa, amumvere, amusiyire ulemu wina wa ntchitoyo. Pa 10 Juni 1964 mavoti anatuluka 71 kwa 29, ndipo pa 2 Julayi lamulo linasayinidwa. Chaka chotsatira kunabwera lamulo loteteza ufulu wovota wa anthu akuda, ndi lina la chithandizo cha kuchipatala cha okalamba.

Luso limeneli silibwera ndi mtima wabwino wokha. Kudziwa kuwerenga mavoti usanalowe m'chipinda, kudziwa kuti mdani wako wa lero udzamufuna mawa, kudziwa kugonja pang'ono kuti chachikulu chidutse, zimenezi munthu amaziphunzira m'makomiti, pamikangano yotopetsa imene kamera sifikako. Ndikamamva anthu akunena kuti munthu wamalonda kapena msilikali ndiye angathane ndi andale chifukwa anazolowera kulamula, mtima wanga umagunda. Nyumba ya Malamulo si kampani yako. Aphungu sunawalembe ntchito ndiwe, ndipo sungawachotse. Emmanuel Macron anakhala pulezidenti wa France mu 2017 asanasankhidwepo pa udindo wina uliwonse. Mu 2022 mbali yake inataya chiwerengero choposa theka m'nyumba ya malamulo, ndipo mu 2023, pofuna kukweza zaka zopumira pantchito kuchoka pa 62 kufika pa 64, boma lake linagwiritsa ntchito ndime 49.3 ya malamulo oyendetsera dzikolo, imene imalola bilu kudutsa popanda aphungu kuivotera. Misewu inadzaza ndi anthu okwiya. Ine ndimakhulupirira kuti munthu amene anakhalapo kumipando yakumbuyo, n'kulawa kuwawa kwa kudumphidwa, akanayesetsa kwambiri asanafike pamenepo.

Komabe nkhani ya Johnson ili ndi mbali ina imene sindingaibise. Mu Ogasiti 1964, patangotha mwezi umodzi atasayina lamulo lija, anapempha Congress kuti imupatse mphamvu zogwiritsa ntchito asilikali ku Vietnam, potengera malipoti a kuukiridwa kwa zombo za America panyanja ya Gulf of Tonkin kufupi ndi dzikolo, amene ena mwa iwo anadzapezeka kuti sanali oona. Nyumba yaing'ono inavomera 416 kwa 0. Ku Senate anakana anthu awiri okha, Wayne Morse ndi Ernest Gruening. Pofika 1968 asilikali a America ku Vietnam anali oposa 500,000, ndipo Johnson analengeza kuti saimanso. Luso lomwe lija, lodziwa pogwira aphungu, ndi limene linatseka pakamwa nyumba imene inayenera kumufunsa mafunso. Zaka zake zinamuphunzitsa kupambana mavoti. Kuzindikira voti imene sayenera kuipempha, zakazo sizinamupatse.

Nkhani imene imandithandiza kwambiri poganizira zonsezi ndi ya chisankho cha ku America cha 2008, chifukwa mkangano wa ine ndi amalume ndi womwe unali pakamwa pa aliyense nthawi imeneyo. Barack Obama anali atalowa ku Senate mu 2005 momwemu. John McCain, amene anapikisana naye pachisankhocho, anali mu Congress kuyambira 1983. Hillary Clinton, polimbirana ndi Obama mwayi woimira chipani chawo, anaulutsa uthenga wofunsa anthu kuti foni ikalira 3 koloko usiku ku White House, akufuna ayankhe ndani. Omutsatira Obama ankayankha ndi nyimbo ya kusintha. Koma mbiri yoti munthu awerenge inalipo. Kuchokera 1997 mpaka 2004 Obama anali seneta wa chigawo cha Illinois, ndipo mu 2003 anatsogolera lamulo loti apolisi azijambula pa vidiyo akamafunsa mafunso anthu oganiziridwa milandu yakupha. Apolisi poyamba sankalifuna. Anakhala nawo pansi mobwerezabwereza, iwo ndi oimira boma pamilandu, mpaka biluyo inadutsa m'nyumba yakeyo popanda wotsutsa. Ku Washington anagwirizana ndi Tom Coburn, wa chipani china komanso wosiyana naye maganizo pafupifupi pa chilichonse, pa lamulo la 2006 loti ndalama zimene boma likugwiritsa ntchito ziziikidwa pa intaneti aliyense aone. M'mbiri yomweyo mulinso maulendo pafupifupi 130 ku Illinois pamene anavota mongosonyeza kuti alipo, osanena inde kapena ayi. Omuteteza amati ina inali njira yogwirizana ndi anzake, omutsutsa amati kunali kuzemba. Mkangano umenewo ndiwo waphindu, chifukwa uli ndi zinthu zogwirika: bilu yakuti, tsiku lakuti, anachita chakuti.

Palinso chilungamo china chimene tiyenera kuwachitira anthu okhalitsa. Mu Okutobala 2002 Senate inavomereza nkhondo ya ku Iraq ndi mavoti 77 kwa 23. Clinton anavota inde, ndipo voti imeneyo inamutsatira mpaka 2008. Obama anaikana nkhondoyo poyera pamsonkhano ku Chicago mwezi womwewo, ndipo ndimamupatsa ulemu pa zimenezo, koma analibe voti ku Washington. Sanayesedwe ndi muyeso womwewo. Amene wavota kambirimbiri amakhala ndi zipsera, pamene wobwera kumene amaoneka wosalala chifukwa sanalowepo m'minga. N'kutheka kuti n'chifukwa chake m'mbiri yonse ya America ndi atatu okha amene anachoka pampando wa useneta n'kulunjika ku upulezidenti: Warren Harding mu 1920, Kennedy mu 1960 ndi Obama mu 2008. Kusowa zolakwa zolembedwa ndisakutenge ngati ungwiro. Wopanda mbiri ya uphungu andionetse kwina kumene anatsogolera anthu osagwirizana naye, anthu amene sakanatha kuwathamangitsa. Hakainde Hichilema wa ku Zambia sanakhalepo phungu, koma anagonja kasanu asanapambane mu 2021, akutsogolera chipani chotsutsa zaka 15, ndipo mu 2017 anakhala m'ndende miyezi inayi. Imeneyonso ndi mbiri yoti munthu aiwerenge n'kuiweruza, kaya aikonde kaya ayi.

Chimandipweteka n'chakuti zambiri mwa zimenezi sizobisika. Nyumba za malamulo zimalemba mawu onse olankhulidwa m'menemo, ndipo maiko ambiri mabukuwo amawatcha Hansard. Malipoti a makomiti alipo. Amene anafunsa nduna funso lovuta pa bajeti analembedwa, amene anangokhala duu nayenso kukhala chete kwake kumaoneka. Atolankhani oyendetsa mtsutso akanangobwera ndi tsamba limodzi n'kunena kuti, "Bwana, pa bilu iyi munavota chonchi, lero mukunena zina, chasintha n'chiyani?" Mmalo mwake amalola munthu kutchula zaka zake kasanu, ife n'kumawomba m'manja.

M'mawa uno amalume anandiimbira foni ndisanadzuke n'komwe. Anati, "Mphwanga, funso lako lija landigoneka mochedwa. Undifufuzire zimene munthu wanga uja analankhula m'nyumbamo, makamaka pa nkhani ya ndalama za boma, udzandiwerengere Loweruka. Koma ubweretsenso za wakoyo, usandibisire."

Ndawalonjeza kuti ndibweretsa zonse ziwiri. Ndayamba ndi za amene ine ndimamukonda, ndipo pali kale chaka chimodzi chimene ndikufunafuna dzina lake m'mabukumo osalipeza.