Nsalu za zigamba: ku Chipata, ku Tete kapena ku Taifa?

Wosoka mabedikava a zigamba sagula nsalu ngati mayi wofuna chitenje cha ku ukwati. Mayiyo akapeza chimodzi chomugwira mtima, zatha. Wa zigamba amafuna mitundu khumi kapena kuposerapo, yonse ya thonje, yokhuthala mofanana, yoti ikalowa m'madzi isasuluke n'kuthimbiriza inzake. Anthu otere akandifunsa kuti nsalu yabwino ili kuti, kwathu kuno, ku Zambia kapena ku Mozambique, yankho langa sililandiridwa bwino: zambiri mwa nsaluzi kwawo n'kumodzi.

Mafakitale athu anagwa motsatizana. Mulungushi Textiles ya ku Kabwe inatseka mu 2007 n'kukhala zaka zambiri chitsekere, Textáfrica ya ku Chimoio nayo inaima, ndipo David Whitehead ya ku Blantyre inagulitsidwa kwa a Mapeto mu 2003. Mpata umene unatsalawo unadzadzidwa ndi nsalu za ku China ndi ku India zolowera pa madoko a Dar es Salaam, Beira ndi Nacala. Choncho maluwa amene mwawaona ku Limbe musadabwe kuwapezanso ku Kamwala mu Lusaka. Kusiyana kwenikweni kuli pa kadulidwe, njira imene nsaluyo yadzera, ndi momwe anthu amaisungira.

Pa kusankha, a ku Zambia anatiposa, tisanamizane. Iwo amalandira katundu kuchokera mbali ziwiri, wa ku Tanzania kudzera pa Nakonde ndi wa ku Congo kudzera pa Kasumbalesa, ndipo zitenje zodzera ku Congo zimakhala ndi mitundu yolimba mtima imene imadzutsa bedikava lonse. Kwa wa ku Lilongwe sipafunikanso kukafika ku Lusaka. Chipata ili pa mtunda wosakwana makilomita 150, ndipo ku Down Shops ndi kumsika wa Kapata mumalankhula Chinyanja chomwechi ponenerera mtengo. Vuto ndi lakuti nsalu yabwinoyo amakonda kuigulitsa ya mayadi 6, omwe ndi pafupifupi mamita asanu ndi theka. Wa zigamba safuna yonseyo. Amayi ochenjera amapita atatu, kugula mitundu ingapo, n'kukadulirana kunyumba mayadi awiriawiri.

Ku Mozambique capulana, chitenje cha kumeneko, imabwera yodulidwa kale, pafupifupi mamita awiri m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, ndipo zambiri zili ndi mkombero wa maluwa osiyana ndi apakati. Ena amadandaula kuti mkomberowo umawononga nsalu. Ine ndimauona ngati phindu: pakati mudulapo timabwalo, mkombero mumausunga kuti udzazungulire bedikava pomaliza. Kanga ya ku Tanzania, imene imadzaza msika wa Taifa ku Mzuzu, ilinso ndi mkombero wotere pamodzi ndi mawu a Chiswahili m'munsi, koma ndi yopyapyala. Mukailumikiza ndi chitenje chokhuthala msoko umakokera mbali imodzi. Ku Taifa gulani vitenge vyawo, kanga muisiyire ntchito yake.

Chimene ndimasirira kwa anzathu a ku Mozambique si nsalu yeniyeniyo koma momwe amakumbukirira mbiri ya nsalu iliyonse. Mayi wa kumeneko amasunga ma capulana m'sutikesi, ndipo akaitsegula amakuuzani kuti iyi ndi ya ubatizo wa mwana, iyi ya maliro a apongozi, iyi ya pa 7 Epulo, tsiku la amayi a dzikolo lokumbukira Josina Machel amene anamwalira mu 1971. Kum'mwera kwa dzikolo amasokanso mucume, ma capulana olumikizidwa ndi lesi yoyera pakati, woti n'kuyala pabedi. Nsalu iliyonse ili ndi chaka chake ndi mwini nkhani wake. Ife kuno zitenje za Mvano, za Chigwirizano ndi za chipani timazidziwa, koma zidutswa zosokera timangozikankhira m'jumbo pansi pa bedi, mwezi ukatha n'kukagulanso mtundu umene tili nawo kale.

Pamene Malawi sagonja ndi pa zidutswa. Matelala a pakhonde ku Limbe, ku Area 2 kapena kumsika wa Zomba amasesa zotsalira tsiku ndi tsiku, ndipo mukagwirizana naye mmodzi amakusungirani. Onjezani malaya a thonje a pa kaunjika, amene a ku Zambia amawapeza pa salaula, ndiye kuti mitundu yosakuwa yopumuliramo maso mwaipeza motchipa. Kungoti zidutswa sizibwera ndi dzina. Yatsani kansonga ndi machesi: thonje limanunkha ngati pepala lopsa n'kusiya phulusa lofewa, poliyesita amasungunuka n'kuuma kambulu kolimba. Zoterezi musazisakanize m'bedikava limodzi, chifukwa thonje limabwerera likachapidwa pamene inayo imangokhala momwemo.

Kasungidwe kamatsata nyengo osati mbendera. Ku Tete ndi ku Chigwa cha Shire mdani ndi dzuwa ndi fumbi, nsalu yosiyidwa pawindo imafwifwa popindira. Ku Mzuzu, ku Nkhata Bay ndi ku Mulanje mdani ndi chinyontho, ndipo jumbo yomanga kukamwa imabereka nguwi. Kulikonseko chapani nsalu yatsopano payokha kuti stachi ichoke, poti ndiyo imaitana njenjete, iume bwinobwino, muisite, muipinde mofanana n'kuiimika chilili m'katoni kapena m'dilowa kuti mukatsegula mitundu yonse izioneka. Katoniyo isakhudze pansi kapena khoma, chiswe sichipempha.

Ndiye kope. Gulani la hadikava. Nsalu iliyonse dulaniponi kachidutswa m'mphepete momwe mwalembedwa dzina ndi nambala ya maluwawo, kasokereni patsamba, pambali lembani kumene munagula, tsiku, mamita ndi mtengo. Mukadulako, chotserani pomwepo. Nambalayo ndi imene mungatumize pa WhatsApp kwa wopita kumsika wa Kariakoo ku Dar es Salaam kapena ku Kamwala, ngakhale maluwa a zitenje sakhalitsa pamsika, choncho ya pansi pa bedikava gulani yokwanira ulendo umodzi. Polemba mtengo onetsani kuti ndi kwacha iti, ya Malawi kapena ya Zambia, kapena ndi metikali ya ku Mozambique. Kwacha yathu itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene ankawerengera mtengo wa bedikava ndi mitengo yakale ya nsalu ankagulitsa moluza osadziwa.

Malisiti a pachipata nawo alowe m'kope lomwelo. Pa Mchinji ndi Mwami pali ndondomeko ya COMESA, bungwe la zamalonda la mayiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, yopeputsira amalonda ang'onoang'ono a katundu wosaposa madola 2,000, koma imakhudza katundu wopangidwa m'mayikomo amene ali pa mndandanda wogwirizana, osati chitenje chodindidwa ku China. Pa katundu wa ku Mozambique ndi ku Tanzania wodzera pa Dedza, pa Mwanza ndi pa Songwe musaiyembekezere ya COMESA, poti mayiko awiriwa anatulukamo kalekale. Funsani za msonkho musanaode, n'kuugawa pa mita iliyonse.